Ambulera Yanu ku Kabulonga

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno tadzuka, kungoti ine mawu anandithera Loweruka lapitali. Mpaka lero ndikati ndiyankhule pamangotuluka kamphepo, ndipo anzanga ku ofesi ku Longacres akuti aka n'koyamba kugwira ntchito mwamtendere chiyambireni kukhala nane chipinda chimodzi. Alekeni aseke. Poti pakhosi pakana, ndati nditenge cholembera ndikuuzeni zonse, m'Chichewa chanu cha ku Katete, chifukwa Chinyanja chathu cha m'tauni munkati n'chiyankhulo cha anthu othamangira minibasi.

Ndiyambe ndi zapakhomo, mungandikalipire kuti ndathamangira za mpira ngati kale. Mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga Yotamu, anachira bwinobwino kumudzi. Ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Pa chithunzi chimene anatumiza pa foni wakwinya nkhope ndendende mmene munkachitira wina akafuna kulawa chitumbuwa asanagule. Chimanga cha m'munda mwanu sichinachite bwino, mvula inadula pamene chinkamasula. Mtedza wokha ndi umene unayesako, ndipo thumba limodzi anatitumizira pa basi. Kuno ku mafulati a Kabwata magetsi amangobwera kudzapereka moni n'kupita, ndipo mpopi wa kukhitchini uja munaumanga ndi mphira ukudonthabe. Sindinaukonzetse. Mphira yanu ikadali pomwepo.

Akulu anga a Zelipa akadali ku Chelstone, akadali dikonesi ku tchalitchi chawo cha magitala chija munkati chimakupwetekani m'makutu. Ine ndi iwo tinatsala pang'ono kuleka kupatsana moni chifukwa cha ambulera yanu. Ndifika pamenepo.

Nkhani yeniyeni ndi ya mdzukulu wanu Tionenji. Mwezi wamawa akulemba mayeso a Giredi 9. Ku Kabulonga kuli sukulu ina ya mpanda wautali, yogonera komweko, imene chaka chilichonse imatenga mtsikana mmodzi wodziwa mpira kuti aphunzire ulere mpaka kumaliza. Mphunzitsi wa mpira wa kumeneko, a Siame, anamuona Tio pa masewera ena ku Woodlands. Anandiimbira foni kuti ndibweretse timu yathu ya ku Kabwata, imene ndimaphunzitsa, idzasewere ndi atsikana awo, amuone bwino asanasankhe, chifukwa panali ana enanso amene ankawaganizira. Amayi, malipiro anga mumawadziwa. Sukulu ngati imeneyo ife timangoiona pa geti tili m'minibasi. Mpata unali umenewo basi, masewera amodzi.

Kaseweredwe ka timu yathu simunakaiwale, poti ndinu munakatcha mpira wa amphawi. Asanu kumbuyo, anayi pakati, mmodzi yekha kutsogolo. Ana athu ena amabwera ku bwalo atangomwa tiyi wopanda kanthu, nsapato zobwerekana, ndiye sitingathamangitsane ndi matimu odya mazira. Timawasiyira mpira. Mizere yathu iwiri imayandikana, danga la pakati pake osaposa kutalika kwa minibasi, ndipo imayenda limodzi, kumanzere, kumanja, ngati yamangidwa chingwe chimodzi. Pakati timatseka. M'mbali timawalola adutse, chifukwa mpira akauponya m'mwamba umapeza mutu wa Mwape, kaputeni wathu wamtali uja. Palibe wothamangira mpira, palibe wodzigwetsa pansi msanga. Timadikira. Iwo akaona kuti golo ili pafupi koma mpira sukulowa, amayamba kupsa mtima, otchinga kumbuyo awo n'kumakwera mmodzimmodzi kudzathandiza. Kumbuyo kwawo kumatsala bwalo lopanda mwini. Pamenepo tikangolanda mpira sitiusunga, sitipatsirana. Kumenya kumodzi kwakutali, kumanzere, ndipo Tio amakhala atayamba kale kuthamanga kuchokera mbali yathu ya mzere wapakati, kumene woimbira sangamugwire ofusayidi.

Koma mwana amene walanda mpira pakati pa miyendo yambirimbiri alibe nthawi yoyang'ana kuti mnzake ali pati. Akachedwa pang'ono amulanda. Apa ndi pamene munalowera inu. Munkabwera ndi beseni la zitumbuwa n'kukhala m'mbali mwa bwalo, kumanzere, kupitirira pang'ono mzere wapakati, pansi pa ambulera yaikulu yachikasu ija munaimangirira ku mpini wa tsache. Inkaoneka pamwamba pa mitu ya anthu onse. Tsiku lina ndinangowauza ana kuti mukalanda mpira musafune munthu, funani chikasu, menyani kwa ambuya. Chaka chimenecho tinagonjetsa matimu obwera pa basi yawoyawo. Inu mukamva tikukutamandani munkangoti, "Ine za mpira wanuwo sindizidziwa, ndimagulitsa zitumbuwa."

Chichokereni inu, kutseka timatsekabe koma kuluma tinasiya. Mwape akalanda mpira amadzutsa mutu n'kupeza mitu ya anthu yokhayokha, mpira n'kupita kulikonse. Ndinayesa kuika ndowa yachikasu, sinkaoneka. Ndinagula ambulera ina m'tauni, mphepo ya Ogasiti inaipindira m'mwamba tsiku lomwelo, komanso panalibe wofuna kukhala pansi pake. Anthu a ku Kabwata pamalo panu paja amasiyapo danga mpaka lero, ngakhale bwalo litadzaza. Amati ndi pa ambuya. Ambulera yanu yeniyeniyo inapita ku Chelstone pogawana katundu, a Zelipa n'kuiika kuseri kwa wadiropu.

Sabata ya masewera, tikubwerera ku maphunziro a mpira madzulo, Tio anandiimitsa pa masitepe a mafulati.

"Mami, ba Siame bafuna kuona ine, osati ma defender banu. Nizaimilila neka kutsogolo monga pole ya malaiti, bola osaigwila. Bazaona chani? Tiseguleko chabe iyi game, muike batatu kutsogolo."

Ndinati, "Tikasegula bazatichaya monga ng'oma. Na iwe bola siuzaiona, uzayamba kubwelela kumbuyo kuifuna. Tikatseka uzapeza mipata ing'ono, koma yako weka."

"Mipata iti? Kuchokela pamene ambuya banafa, bola imabwela kuti? Imwe mufuna chabe bantu bakambe ati coach Nyuma sanaluze ku Kabulonga."

Amayi, mawu amenewo anandibaya. Dzanja linanyamuka lokha, koma ndinakumbukira mmene munkandiuzira kuti, "Nyuma, mtima wako umathamanga kuposa miyendo yako." Ndinalibweza m'thumba. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti theka la zimene ananena zinali zoona. Mpira sunkabwera. Ndinali pafupi kumuimika mwana wanga yekha pakati pa bwalo, pamaso pa munthu wosankha, ndi kaseweredwe kamene kanafa limodzi ndi inu. Masiku otsatira m'nyumba tinkangodutsana. Akadya n'kutsuka mbale yake yokha.

Lachinayi nditaweruka ndinakwera minibasi ya ku Chelstone. A Zelipa ndinawapeza pakhonde akusita suti yawo ya ku tchalitchi, poti magetsi anali atabwera. Sindinazungulire.

"Ba sisi, nabwela kupempa umbrella ya amai."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Ninakuuza kudala. Munthu anafa, musiyeni apumule. Sinifuna vintu va amai viyende mu vamankwala va bola."

"Si mankwala, ba sisi. Ni sign post chabe. Bana bafuna poyang'ana."

"Ngati ni sign post, gula yako."

"Ninagula. Palibe afuna kunkala pansi pake."

Anaika simbi pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ndi diso lanu lija. Ndinawauza za sukulu, za a Siame, ndi zoti sindikupempha chifukwa cha ine. Yankho lawo linali lakuti apemphera. Mumadziwa a Zelipa akati apemphera amatanthauza kuti tseka geti potuluka. Ndinabwerera ku Kabwata ndikutukwana chamumtima njira yonse, Mulungu andikhululukire.

Loweruka tinafika ku Kabulonga masana, dzuwa likuswa mtengo. Kunja konse kuli fumbi la Okotobala, koma m'kati mwa mpanda uja kapinga wobiriwira ngati mvula imagwa mwawo mokha. Ana athu anayamba kuyenda monyang'ama, kuopa kumuthyola. Mbali imodzi ya bwalo anaikako tenti, makolo a ana a sukulu atakhala pa mipando yopinda ndi zakumwa zawo zozizira, chingwe chitamangidwa, mlonda ataima. Ife alendo anationetsa mbali inayo, ku khoma. Ndinali nditauza kale ana kuti tisewera monga mwa masiku onse, ndipo Tio anamva zimenezo akumanga nsapato, osandiyang'ana.

Tikutenthetsa thupi, takisi inaima pa geti. Munatuluka a Zelipa, suti yoyera, nsapato zazitali zidendene, m'khwapa muli chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje chanu cha Chigwirizano. Atachimasula n'kuchitambasula, ana onse analeka kuthamanga. Mwape anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana kumbali chifukwa kochi salira masewera asanayambe.

"Sinabwele kuchita vamankwala," anatero a Zelipa. "Nabwela kunkala mu shade. Nionetse ponkala."

Chigawo choyamba kumanzere kwathu kunali ku mbali ya khoma, kwa alendo. Ndinawatengera pamalo pake, kupitirira pang'ono mzere wapakati, n'kuwaikira mpando. Ndiye ndinanena mawu amene anatsala pang'ono kumutayitsa sukulu mwana wanga. Ndinati, "Nkalani apa, ba sisi. Olo kuchitike chani, osachoka."

Wezulo italira, zinayenda monga ndinkayembekezera. Ana a Siame amasewera mpira wokoma, amayi, ndisawanamizire. Amapatsirana pansi, pang'onopang'ono, osayang'ana n'komwe mapazi. Anatipanikiza kuyambira mphindi yoyamba. Mizere yathu inkangoyenda uku ndi uku, Mwape akukuwa kuti wina asatsale, wina asatuluke. Akalowa m'mbali n'kuponya m'mwamba, mutu wa Mwape. Akayesa pakati, miyendo. Nchimunya, wapagolo wathu, anagwira wina ndi nsonga za zala, wina unamenya chitsulo cha pamwamba mpaka ndinamva kulira kwake m'mano. Ku tenti anayamba kutinyoza. Bambo wina wa kapusi, poona tangotseka golo ngati taimikapo basi yaikulu, ankakuwa kuti, "Mwapaka bus! Iyi si bola!" 

Tio anali yekha pa mzere wapakati, manja m'chiuno, ndendende pole ya malaiti ija ananena. A Siame anaima chapafupi ndi tenti atapinda manja. Ndikati ndione kumene akuyang'ana, magalasi awo akuda sankandiuza kanthu. 

Ine ndinkayang'ana mwana mmodzi yekha wa timu yawo, wotchinga kumbuyo wa kumanja, wa tsitsi lomanga ndi kansalu kofiira. Poyamba ankakwera n'kubwerera. Kenaka anayamba kukwera n'kuchedwa kubwerera. Nthawi ina anakwera mpaka m'bokosi mwathu, mpira unamuthawa n'kugwera kwa Mwape. Mwape anadzutsa mutu kamodzi, anaona chikasu, anamenya. Amayi, mpira unauluka ngati wakumbukira njira ya kwawo. Unagwa patsogolo pa a Zelipa, Tio ali kale pomwepo. Anaukankha, analowera m'kati, anamenya, wapagolo wawo n'kuutchinga ndi phazi. Sichinalowe, koma ku tenti kunati zii. Pobwerera Tio anandiyang'ana koyamba sabata yonse. Tinapita kopuma opanda chigoli mbali zonse.

Popuma ndinayankhula zambiri. Ndinayankhula za mwana wawo wa pakati amene ankatipweteka, za makona, za madzi, ndinamanga bondo la Mwape. Chinthu chimodzi sindinachikumbukire, chifukwa pa zaka zonse zija sindinachinenepo kwa munthu. Chigawo chachiwiri matimu amasinthana magolo. Kumanzere kwathu kumasamukira tsidya linalo. Inu wezulo yopuma ikangolira munkatwika beseni, ambulera paphewa, n'kuzungulira kuseri kwa golo kukakhala tsidya lina. Tonse tinkangoti mukutsata ogula. Tinazolowera kukupezani pamalo oyenera mmene munthu amapezera chitseko cha nyumba yake mu mdima. Ndiye a Zelipa anakhala pomwe ndinawaika, osachoka monga ndinawalamula, maso atatseka, milomo ikupemphera. Malo aja tsopano anali kumanja kwathu, ndiponso m'kati mwa mbali yathu.

Sipanapite nthawi. Mwape analanda mpira pakamwa pa golo, anthu atamuzinga. Anadzutsa mutu, anaona chikasu, anamenya monga ndinamuphunzitsira. Tio anali akuthamangira kumanzere, kumene miyendo yake imadziwa. Mpira unapita kumanja, kufupi, n'kugwera pa chifuwa cha mwana wawo amene analibe womulonda. Ana athu anali atayamba kale kutuluka, mizere itatseguka. Ana a Siame anapatsirana kawiri, wachitatu anamenya pansi pa ngodya. Nchimunya anangogwa chabe. Tenti yonse inaimirira.

Ndinaona ambulera, ndinaona Tio ali tsidya lina, ndipo ndinazindikira cholakwa changa. Ndinakuwa dzina la a Zelipa koma phokoso linameza mawu anga, ndipo kochi saloledwa kuchoka pamalo pake. Amene anathamanga ndi Tio. Ana a Siame akukumbatirana, iye anadula bwalo lonse mpaka pa mpando paja, n'kuwagwedeza phewa.

"Ba aunt! Ambuya benze kuchoka pa half time! Yendani uku, ku side ya tent, pitililani pa line ya pakati. Fast, ba aunt!"

A Zelipa anatsegula maso, anayang'ana ine, ine n'kumangoloza ndi manja onse ngati wapolisi wa pamsewu. Ananyamuka. Koma bwalo lija ndi lalikulu, nsapato zawo zikumira mu kapinga, ambulera ikukokedwa ndi mphepo. Masewera anayambanso iwo asanafike ndi kuseri kwa golo komwe.

Nthawi imeneyo ndi imene inandimaliza mawu. Chikasu chinali pa ulendo, ana akalanda mpira ankangoumenya kuti uchoke. Tio ankathamangabe nthawi iliyonse, mpaka ku ngodya, mpira osabwera, n'kubwerera pa mzere wake akupuma ngati galu. N'kuthamanganso. Anthu athu ochepa amene tinabwera nawo pa minibasi anandiukira. "Coach, segula! Tiluza kale! Ika ma striker, mwana wako aoneke!" Mwape anandiyang'ana ndi funso lomwelo pankhope. Ndikanangokweza dzanja, ana awiri akanapita kutsogolo kukathandiza Tio, ndipo palibe akanandinena kuti ndinamumana mwana wanga mpata.

Ndinaganiza mwachangu, thukuta likulowa m'maso. Timu imene yatsogola ikabwerera kumbuyo kukateteza chigoli chake, mpira wa amphawi watha ntchito, pamenepo umayenera kutsegula basi. Koma ana aja ankasewera pamaso pa makolo awo, ndipo makolowo ankaitanitsa zigoli zina. Ndinadziuza kuti ndiyang'ana wa kansalu kofiira uja. Akatsala kumbuyo, nditsegula. Akakwera, ndidikira. Mpira utapita m'mbali, ndinamuona akuzengereza pa mzere wapakati, akuyang'ana Tio, akuyang'ana kutsogolo. Bambo wa kapusi anakuwa dzina lake. Anakwera.

Ndinamva mawu anu m'khutu, aja munkanena mukutembenuza zitumbuwa m'beseni timu ina itatipanikiza: "Adzatopa okha, inu ingoimani." Ndinakuwa kuti tsekani, tsekani, osatuluka. Munthu wina kumbuyo kwanga anati ndine mayi wouma mtima. Mwina ndinedi. Ndinkadziwa kuti zikakanika, Tio adzakumbukira moyo wake wonse kuti amake anamuimika yekha pa dzuwa, tikugonja, osamutumizira ndi mmodzi yemwe.

Tsidya lina a Zelipa anali atafika pa chingwe cha tenti, ndipo mlonda anawatsekera njira. Zimene anakambirana anandiuza pambuyo pake, koma manja awo ndinkawaona ndili kutali.

"Madam, uku ni kwa ma parents."

"Nanga ine ndine chani? Mbuzi?"

Mlonda anagwira ambulera, iwo anakoka, nthiti imodzi ya ambulera inathyoka. Ndiye mayi wina wa m'tenti anaimirira n'kuloza. "Ni juju iyo! Baona baluza, manje babweletsa juju!"

Amayi, mukanakhalapo mukanaseka mpaka kugwetsa beseni. A Zelipa, amene anandikaniza ambulera miyezi yonseyi poopa mankhwala, lero akutchedwa a mankhwala pamaso pa anthu a magalimoto. Anavula nsapato zonse ziwiri n'kumupatsa mlonda kuti agwire, ndipo iye modabwa anazilandira. "Juju? Ine, deaconess? Iyi ni umbrella ya amai banga. Mwana wanga ali mu ground, nizankala pamene nifuna." Anadumpha chingwe ndi suti yawo yoyera, anadutsa kutsogolo kwa mipando yonse wopanda nsapato, n'kukaima kupitirira pang'ono mzere wapakati, ambulera atainyamula m'mwamba ndi manja awiri, mbali imodzi ikulendewera. Mlonda anayang'ana kwa a Siame. A Siame anangopukusa mutu kuti asiyeni.

Nthawi inali itatsala pang'ono. Miyendo ya ana athu inali itatha, Mwape akutsimphina. Woimbira anayang'ana wotchi yake. Kenaka ana a Siame anapeza kona. Ndinaona a kumbuyo awo onse akukwera, ataliatali, ndi wa kansalu kofiira yemwe, n'kutsala mwana mmodzi yekha woti alonde Tio. Ndinafuna kukuwa koma pakhosi panatuluka mphepo.

Kona inabwera. Nchimunya anadumpha n'kuumenya ndi nkhonya. Unagwera pa mapazi a Mwape, anthu awiri akumuthamangira. Anadzutsa mutu. Anayamba wayang'ana ku khoma. Kenaka anatembenuka, anapeza chikasu pakati pa zoyera za tenti, anamenya ndi mwendo wopweteka womwewo n'kugwa.

Unapita patali kuposa muyeso. Unagunda pansi pafupi ndi mzere wa m'mbali, ukuthawira kunja, cha pa mapazi a a Zelipa. Tio anali atamusiya kale womulonda uja. Ndinamva mawu a akulu anga bwalo lonse: "Mu dzina la Yesu, Tionenji, tamanga!" Anaupeza pa mzere penipeni, anaukokera m'kati ndi kunja kwa phazi osaima. Kutsogolo kwake kunalibe munthu koma wapagolo, amene anatuluka atatambasula manja. Ndinkati amenye, amenye tsopano. Sanamenye. Anadikira mpaka wapagolo anadzigwetsa, n'kumuzungulira. Pamenepo golo inali itamupendekera, womulonda uja akufika ndi liwiro. Anaukankha ndi phazi lamanzere ali m'kugwa. Mpira unayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopita ku chipatala, unakhudza chitsulo cha tsidya, n'kulowa.

Sindikudziwa chimene ndinachita. Akuti ndinagwada. Chimene ndikukumbukira n'chakuti ndinadzuka msanga n'kuyamba kuwabweza ana ndi manja kuti abwerere m'mizere, chifukwa masewera anali asanathe. Anatipanikizanso, Nchimunya anagwira wina pa mzere, ndipo wezulo yomaliza inalira tili chimodzi kwa chimodzi.

A Siame anabwera ana akumwa madzi. Anavula magalasi, anandipatsa moni wa dzanja, n'kuyang'ana Tio amene anakhala pansi atatambasula miyendo.

"Ba coach, bola yanu ni yoipa maningi kuiona," anatero. "Goal nayiona. Koma ine nenze kuyang'ana pamene bola sinenze kubwela. Atamanga, palibe. Abwelela, atamanga futi. Bana banga sibangachite ivo. Mayeso akapasa, mu January abwele na trunk."

Ndinafuna kuthokoza bwino monga munatiphunzitsira, koma mawu kunalibe. Ndinangowagwira dzanja ndi manja awiri.

Pobwerera a Zelipa anakana takisi, anakwera nafe minibasi, nsapato pa miyendo, suti itadetsedwa ndi kapinga. Ana akuimba kumbuyo, iwo anandifunsa chapansipansi.

"Nanga amai benze kuziba bwanji kuti bafunika kuchoka pa half time? Ndiwe unabauza?"

Ndinapukusa mutu. Ndinali ndisanaganizepo. Amene anayankha ndi Tio, amene anatsamira pa phewa langa maso atatseka, ine ndikuyesa wagona.

"Sibenze kuziba va formation. Benze kukonka ine chabe. Banakamba ati maso yabo siyaona patali, so bafuna kunkala pamene nimapitila."

Amayi, zaka zonsezi ndinkadzitama kuti ndinapanga kaseweredwe kanzeru, pamene inu munkangosamutsa beseni kuti muone mdzukulu wanu akudutsa pafupi. Ndinalira kuchokera ku Woodlands mpaka ku Kabwata, ndipo a Zelipa analira nane, ambulera ili pakati pathu.

Tsono onani mmene zathera. Ndinamenyera nkhondo kuti nditaye wothamanga yekhayo amene ndinali naye. Mu Januwale m'nyumba muno mutsala ine ndi mpopi wodontha uja. Chaka chamawa Tio adzabwera ku bwalo la ku Kabwata atavala jezi ya sukulu yake yatsopano, akudziwa dzenje lililonse la bwalolo ndi chinsinsi chilichonse cha amake. Dzulo akuwerenga za mayeso anandiseka kuti, "Mami, muzanitseka na bangati?" Ndinamuonetsa zala ziwiri. Anati sibakwana.

Ambulera ili kwa wokonza pa msika, akuika nthiti yatsopano. A Zelipa akuti Loweruka alibe mapemphero, ndiye azibwera, kungoti ndiwagulire nsapato zafulati. Chimene sindikudziwa n'chakuti tsiku limene Tio adzabwere ndi timu yake, a Zelipa adzakhala mbali iti. Inu ndikudziwa kumene mukanakhala, ndipo sindikanakuletsani.

Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Tsiku limenelo ndidzatseka monga mwa masiku onse, asanu kumbuyo, anayi pakati. Koma akadzawapyola onse n'kutsala yekha ndi golo yathu, sindidzakuwa kuti amugwetse. Ndidzangoima n'kumuona akudutsa pafupi, m'malo mwanu.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Nyuma